Kanyama kachikasu ka ku Guatemala kopanda mapapo, dzina lake ndi kwawo

Chiko: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa a Gondwe ndi ena odziwa za nyama. Ndikuwerenga za katchulidwe ka maina a sayansi ndiye ndakumana ndi dzina lakuti Bolitoglossa jacksoni Elias, 1984, pachithunzi ndi kanyama kachikasu kokhala ndi mzera woderapo pamsana kuyambira kumutu mpaka kumchira, kakuoneka ngati buluzi koma akuti si buluzi komanso akuti kalibe mapapo. Chomwe chandisokoneza ndi anthu awiriwa, Jackson ndi ndani nanga Elias ndi ndani, mwini dzina ndi uti pamenepa?

Yami wa ku Joni: Kalibe mapapo?? nde kamapuma bwanji asisi

Amayi a Tadala: Ameneyo ndi nalimata wa kunja basi, ndaona chithunzicho zala zake ndi zomwezo zomata pakhoma

A Gondwe: Mwaswera bwanji nonse. Amayi a Tadala si nalimata ayi ngakhale maso akukuuzani choncho. Nalimata, buluzi, gulo ndi mng'azi ali ndi mamba, khungu lawo ndi louma ndipo onse ali ndi mapapo. Kanyama ka Chikoka ndi salamanda, m'bale wake weniweni ndi chule, khungu losalala lonyowa lopanda mamba ndipo zala zake zilibe zikhadabo. Chifukwa chomwe tilibe dzina lake m'Chichewa nchakuti kuno kulibe, mu Africa muno ma salamanda amapezeka kumpoto kokha ku Morocco, Algeria ndi Tunisia, kumwera kwa Sahara kulibe ngakhale mtundu umodzi, ndipo a ku Morocco-wo ndi a banja lina ali ndi mapapo awo bwinobwino. Tsono za dzinalo mwana wanga, Elias ndi amene analemba lipoti lofotokoza nyamayi koyamba mu 1984, ndi Paul Elias, n'chifukwa chake dzina lake lili kumapeto pamodzi ndi chaka. Jackson ndi mnzake Jeremy Jackson amene anali naye ku nkhalango mu 1975 pomwe amaipeza, Elias anamulemekeza pomuika m'dzina la nyamayo.

Chiko: Zikomo aphunzitsi, ndiye kuti amene ali kunja kwa dzina ndi wolemba, amene ali mkati ndi wolemekezedwa

A Gondwe: Eya wamva bwino

Yami wa ku Joni: Langa lija simunandiyankhe madala, kupumako

Nambewe: Achimwene a Yami ilo ndiyesere ine chifukwa za mpweya ndi zomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku ku wodi. Mapapo ntchito yake ndi kungopereka malo opyapyala onyowa pomwe magazi amayandikana ndi mpweya, okosijeni nkulowa mpweya woipa nkutuluka. Tsono nyamayi malo amenewo ndi khungu lake lomwe komanso mkati mwa kamwa ndi kummero, timitsempha ta magazi tili pansi penipeni pa khungu. Zimatheka chifukwa ndi kanyama kakang'ono kowonda ndipo thupi lake silidzitenthetsa lokha monga ife, ndiye sikafuna okosijeni wambiri. Koma khungulo likangouma basi mpweya sudutsanso, kamafa. Mundikonze a Gondwe ngati ndaphonya

A Gondwe: Palibe chokonza anamwino. Ndingoonjezera kuti banja lonse lopanda mapapoli limatchedwa Plethodontidae ndipo musaganize kuti ndi kagulu kochepa kachilendo, ndilo banja lalikulu kuposa onse a salamanda, mitundu yoposa 450, kutanthauza kuti ma salamanda ambiri padziko pano alibe mapapo. Ndipo chimene chimandisangalatsa ine nchakuti ofufuza ataona mazira ake anapeza kuti kamwana kali m'dziramo kamayamba kupanga mapapo ndithu kenako nkusiya, timapapoto nkuzimirira kasanaswe. Chifukwa chomwe makolo ake anatayira mapapo akatswiri amatsutsanabe, ganizo lakale ndi lakuti ankakhala m'timitsinje tothamanga ta m'mapiri a Appalachia ku America komwe mapapo odzaza mpweya amayandamitsa nyama nkukokoloka ndi madzi, ena amakana ganizo limeneli

Mada wa ku Mulanje: Ine zandigwira mtima ndi za khungu louma zo. Ndiye kuti nkhalango ikangodulidwa dzuwa nkufika pansi zathera pomwepo, palibe kothawira. Kuno mukalowa mu Ruo m'mamawa masamba amakhala akudontha ngakhale mvula sinagwe, mukaika dzanja pa khungwa la mtengo ndere zake zimachita kufinya madzi, koma mungotuluka pang'ono pomwe anaotcha makala fumbi lokhalokha, ndi phiri lomwelo tsiku lomwelo

A Gondwe: Malo ngati amenewo ndi omwe jacksoni amakhala a Mada, nkhalango ya nkhungu ya m'mapiri otchedwa Sierra de los Cuchumatanes, m'chigawo cha Huehuetenango kumadzulo kwa Guatemala kufupi ndi malire a Mexico. Poyamba anaipeza chakufupi ndi tauni ya Barillas pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Ndipo nkhani yake ndi yomvetsa chisoni komanso yokoma, mu 1975 anapeza ziwiri zokha, kuchokera pamenepo zii, zaka 42 palibe anaionanso mpaka mu Okutobala 2017

Amayi a Tadala: Zaka 42 osaoneka ndiye amadziwa bwanji kuti ilipo, mwina inali itatha kale nkubweranso ina yofanana nayo

Chiko: Mayi ichi ndi chomwe tinaphunzira sabata yatha. Munthu akamapereka dzina latsopano amayenera kusunga nyama imodzi mu myuziyamu, amaitcha holotype, imeneyo ndiye imanyamula dzinalo mpaka kalekale, ndiye wina akadzapeza nyama yomwe akuikayikira amakafananiza ndi imeneyo komanso ndi zomwe zinalembedwa mu lipoti loyamba, mtundu wake, kutalika, mano, zala. Ndipo iyi ndiyosavuta chifukwa chikasu chake ndi mzera wa pamsanawo wokhala ndi kamalire koyera mbali zonse sizifanana ndi ina iliyonse kumeneko

Yami wa ku Joni: Nde anaipezanso ndani, azungu omwewo anabwerera?

A Gondwe: Ayi a Yami, anaipeza ndi mlonda wa nkhalango, mnyamata wa komweko wa mtundu wa Amaya dzina lake Ramos León-Tomás, anali ndi zaka 27. Panali katswiri wa ku yunivesite ya San Carlos ku Guatemala, Carlos Vásquez Almazán, amene anakhala akuisaka kwa zaka zambiri osaipeza, ndiye anachita chanzeru, anaphunzitsa alonda a malo ena otetezedwa a m'mapirimo maonekedwe ake ndi malo oyenera kuyang'ana nkuwasiyira chithunzi. Miyezi ingapo itadutsa Ramos ali pa ntchito yake m'mphepete mwa malo otetezedwawo anaona kamwana kake, anakajambula nkutumiza chithunzi kwa Vásquez, ndipo anatsimikiza kuti ndi yomweyo. Imeneyo inali yachitatu kuonedwa chiyambire. Inali pa mndandanda wa zamoyo 25 zosowa zomwe bungwe la Global Wildlife Conservation linalengeza chaka chomwecho kuti likuzifunafuna, ndipo inali yoyamba kupezeka pa mndandandawo

Yami wa ku Joni: Apa nde pomwe pamandiwawa ine. Nyama ya ku Guatemala, nkhalango ya Amaya, woipezanso ndi mwana wa komweko amene amagona ndi kudzuka m'nkhalangomo koma dzina mpaka dziko lidzathe ndi la Jackson mlendo amene anangodutsa. Bwanji osaisintha ikhale ya Ramos

Nambewe: Ndikugwirizana nanu achimwene, zimapweteka

A Gondwe: Ndikumva kuwawa kwanu ndipo sindikukutsutsani kuti Ramos ayenera ulemu, koma lamulo la maina a nyama silimalola. Pali malamulo a dziko lonse omwe amayang'aniridwa ndi komiti yotchedwa ICZN ndipo mutu wake ndi wakuti dzina loyamba kusindikizidwa moyenera ndilo limakhala, kuwerenga kumayambira mu 1758 pa buku la katswiri wa ku Sweden, Linnaeus. Cholinga chake nchakuti munthu wa ku Japan, wa ku Peru ndi Chiko pano akalemba jacksoni akhale akunena nyama imodzi, ndipo lipoti la 1984 ndi la 2017 zilumikizane. Mukayamba kusintha chifukwa wina wachita zabwino pambuyo pake ndiye nyama iliyonse izisintha dzina m'badwo uliwonse, wofufuza sangatsate. Komanso Jackson sikuti anangodutsa, ndi amene anasenda khungwa nkuiona yoyamba ija, anagwa nayo m'matope nkhalangoyo masabata ambiri

Yami wa ku Joni: Madala malamulo amapanga ndi anthu. Kuno ku South Africa kuli mitengo yambiri yomwe dzina lake la sayansi linali ndi mawu aja otukwana anthu akuda oyamba ndi k, ndipo mu 2024 pa msonkhano wa akatswiri a zomera ku Madrid anavota kuti mawuwo asinthe akhale afra kutanthauza Africa. Nde ngati a zomera anatha a nyama akulephera chani

Chiko: Achimwene izo ndi zoona koma a zomera ndi a nyama ali ndi mabuku a malamulo osiyana. A nyama anakana, mu 2023 makomishonala a ICZN analemba kuti sasintha maina pa zifukwa zoti dzinalo likukhumudwitsa anthu, mpaka pano kachikumbu kena ka m'mapanga a ku Slovenia kakutchedwabe Anophthalmus hitleri kuchokera m'ma 1930. Ine pamenepo sindigwirizana nawo olo pang'ono. Koma za Jackson ndi nkhani ina, munthuyo sanalakwire aliyense

Yami wa ku Joni: Sindikuti analakwa asisi, ndikuti tikawerenga maina onsewa timaona ngati eni nthaka kunalibe

Mada wa ku Mulanje: Apa a Yami akunena zomwe ife timaziona. Alendo ofufuza akabwera amene amadziwa kuti kanyama kakuti kamagona pa tsamba liti, nthawi yanji, mbali iti ya mtsinje ndi gaidi kapena wonyamula katundu, timayenda nawo usiku ndi tochi mvula ili pamsana ife ndi amene timaloza kuti bwana onani apo. Ena amatilemba kumapeto kwa lipoti kuti zikomo, ena olo kutiuza kuti lipoti linatuluka. Sindikudandaula ndalama ayi analipira, koma dzina limakhala

A Gondwe: Zimenezo ndi zoona a Mada ndipo sindingaziphimbe. Chomwe ndinganene nchakuti mankhwala ake ali pa maina atsopano osati akale, ndipo m'gulu lomweli la Bolitoglossa zayamba kale kusintha. Mu 2010 ku Guatemala komweko anatchula ina Bolitoglossa kaqchikelorum polemekeza Amaya a mtundu wa Kaqchikel, ina Bolitoglossa xibalba kuchokera ku dziko la akufa la m'chikhulupiriro cha Amaya. Mu 2020 ku Peru kunatuluka Bolitoglossa awajun, dzina la anthu a mtundu wa Awajún, mu 2021 Bolitoglossa qeqom kuchokera ku liwu la chiyankhulo cha Poqomchi' lotanthauza chakuda, ndipo ambiri olemba malipoti amenewa ndi ana a maiko omwewo. Ngakhale malo omwe Ramos amalonderawo, omwe mabungwe anagula nkuwasandutsa otetezedwa mu 2015, pa Chisipanishi amati Finca San Isidro koma dzina lake lina ndi Yal Unin Yul Witz m'chiyankhulo cha komweko, ndipo limachokera pa momwe anthu akumeneko amatchulira salamanda, amati mwana wogona

Nambewe: Mwana wogona, koma ndiye dzina lokoma. Ndiye kuti eni ake anali nalo kale dzina

Mada wa ku Mulanje: Ifenso tili nacho chathu chimodzi chonyadira, nanzikambe wa kuno ku Mulanje dzina lake la sayansi ndi Nadzikambia mlanjensis, Chichewa chenicheni chalowa m'mabuku a dziko lonse, ndimawauza alendo nthawi zonse

A Gondwe: Eya, katswiri wina Broadley anamufotokoza mu 1965 ali m'gulu lina, ndiye mu 2006 Tilbury, Tolley ndi Branch anaona kuti ndi wosiyana ndi anzake nkumupatsa gulu lakelake la Nadzikambia. Chiko taona momwe amalembera, dzina la Broadley ndi chaka amaziika m'mabulaketi, chizindikiro chakuti nyamayo inasamutsidwa gulu kuchokera pomwe wolemba woyamba anaiika. La jacksoni lilibe mabulaketi chifukwa Elias anaiika mu Bolitoglossa kuyambira pachiyambi ndipo ikadali momwemo

Chiko: Aaa ndiye mabulaketi aja ali ndi tanthauzo, ine ndimaona maina ena ali nawo ena alibe. Nanga mathero aja aphunzitsi, jacksoni, caldwellae, kaqchikelorum

A Gondwe: Ndi Chilatini, i kumapeto ndi mwamuna mmodzi, ae ndi mkazi mmodzi, orum ndi anthu angapo, ensis ndi malo. Caldwellae imene watchulayo ndi ya ku Brazil ya 2013, analemekeza mayi wofufuza achule Janalee Caldwell. Mlanjensis ndi wa ku Mulanje, paraensis ndi wa ku Pará

Amayi a Tadala: Ine ndingofunsa ngati mlimi, musandiseke. Ndalama zonsezi kugula phiri lonse chifukwa cha kanyama kosadyedwa kamene anthu sakaonaona nkomwe, anthu a kumeneko alibe njala? Minda akulima kuti

Nambewe: Palibe angakusekeni mayi funso lake ndi lenileni

A Gondwe: Njala iliko mayi, Huehuetenango ndi chimodzi mwa zigawo zosauka za Guatemala ndipo nkhalango zambiri kumeneko zinagwa chifukwa cha khofi ndi chimanga, anthu amafuna podyera monga ifeyo. Malo amenewa akanadulidwa kuti pakhale munda wa khofi, mabungwe angapo anasonkha ndalama nkugula, loyang'anira ndi bungwe la komweko la FUNDAECO ndipo alonda ake ndi anthu a m'midzi yoyandikana nayo. Ndipo pogula sankadziwa nkomwe kuti jacksoni ali momwemo, ankateteza ma salamanda ena awiri omwe Elias anapezanso m'zaka za m'ma 1970, Nyctanolis pernix wa miyendo itaiitali ndi Bradytriton silus, omwe nawonso anasowa zaka zoposa 30 nkudzapezekanso, pamodzi ndi achule a m'mitengo. Nkhalango ya nkhungu ndi imene imakoka madzi nkumawatulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje yomwe a kumunsi amamwa ndi kuthirira. Sindinena kuti mkangano wa munda ndi nkhalango unatha, sunathe kumeneko ngakhale kuno

Amayi a Tadala: Za madzizo ndamva. Koma wolemba ntchito alonda angapo sanadyetse mudzi wonse, ine pamenepo ndikhalabe ndi funso langa

Yami wa ku Joni: Funso lina, zaka 42 zonsezo bwanji sanabwerere msanga kukasaka

Chiko: Nkhondo achimwene. Guatemala inali pa nkhondo ya pachiweniweni kuyambira 1960 mpaka 1996 ndipo kumayambiriro kwa ma 1980 mapiri amenewa ndi komwe kunaphedwa Amaya ambirimbiri, midzi kuotchedwa anthu kuthawira ku Mexico. Palibe akanapita kukasenda makungwa a mitengo nthawi imeneyo

A Gondwe: Ndipo apa ndi pomwe ndimafuna tifike chifukwa Chiko anafunsa za dzina koma dzina limayenda ndi mapu. Mukatsegula buku nkuona kuti nyama yakuti imapezeka pakuti, kadontho kamodzi pa mapu, musafulumire kunena kuti imakhala pokhapo, kadonthoko kakungonena pomwe munthu anafika nkuyang'ana nkuiona. Ramos anaipeza pamtunda wa mamita pafupifupi 300 kuposa pomwe inapezeka mu 1975, tsiku limodzi lokha mapu anasintha. Komanso ndi nyama yokwera mitengo, ambiri a gululi amakhala m'zomera zija zomera pa nthambi zosunga madzi pakati pa masamba ake, ndiye munthu akhoza kuyenda pansi zaka ndi zaka iyo ili pamwamba pa mutu wake. Mbali inayi ndi yoonanso, kuti mwina ndi yochepadi ndipo kwawo ndi phiri limodzi lokhalo, pa nyama zochepa chonchi simungagamule

Mada wa ku Mulanje: Zofanana ndi nanzikambe wamng'ono wa ku Malawi Hills ku Nsanje uja, Rhampholeon chapmanorum, anamufotokoza mu 1992 kenako nkhalango itatha anthu ankaopa kuti watha, mu 2016 atapita kukasaka usiku anampeza m'tizigamba ta nkhalango totsala

A Gondwe: Ndendende, ndipo mwaonanso orum uja

Nambewe: Nanga gulu lonse la Bolitoglossa likupezeka kuti ndi kuti, Guatemala yokha?

A Gondwe: Ayi ndi lalikulu zedi, mitundu yoposa 130, palibe gulu lina la salamanda loposa pamenepa. Limayambira kumpoto chakum'mawa kwa Mexico, kutsika Central America yense, kuwoloka Panama kulowa Colombia, Venezuela, Ecuador, Peru mpaka Bolivia ndi ku Amazon ya Brazil kufupi ndi Belém. Ma salamanda ambiri ndi nyama za kumpoto kozizira, banja lopanda mapapoli lokha ndi lomwe linalowa kotentha nkuchulukana mpaka kudutsa equator. Chinawathandiza kwambiri nchakuti safuna dziwe poswana, amaikira mazira pamtunda pachinyezi ndipo m'dziramo mumatuluka kamwana kathunthu ka miyendo inayi, palibe za mbululu

Amayi a Tadala: Ngati finye? Ndinamva kuti finye alibe mbululu za m'madzi

A Gondwe: Mwalasa mayi, finye amaikira pansi pa nthaka ana nkutuluka ali tiachule kale, njira yake ndi imeneyo ngakhale si apachibale apafupi. Tsono chifukwa choti sayenda mtunda wautali ndipo sangadutse malo ouma, phiri lililonse limatsekera ake, pakapita zaka zikwi zambiri a phiri ili ndi a phiri ilo asiyana, n'chifukwa chake mitundu ili mbwee koma uliwonse kwawo nkochepa

Chiko: Koma pali imodzi yomwe ndaona mapu ake ndi aakulu, Bolitoglossa altamazonica, mabuku ena akuti Peru, Brazil, Colombia, Ecuador, Bolivia konse

A Gondwe: Imeneyo ndi phunziro lina labwino, ndi vuto lotembenuza la jacksoni. Katswiri wina Cope anaifotokoza mu 1874 kuchokera ku Nauta ku Peru, ndiye kwa zaka zoposa 100 aliyense wopeza kasalamanda kofiirira ku Amazon amangoti altamazonica chifukwa m'maso timafanana, mapu nkumakula. Atayamba kuyeza bwino ndi kuona DNA anapeza kuti m'dzina limodzimo munadzazana mitundu yambiri. Mu 2013 ku Brazil anatulutsamo itatu yatsopano, caldwellae ija, madeira ndi tapajonica, mu 2020 awajun, ndipo altamazonica weniweni anatsala ndi dera laling'ono kumpoto kwa Peru. Kuopsa kwake nkwakuti nyama ya mapu aakulu aliyense amati ili bwino palibe chodetsa nkhawa, pomwe mkati mwakemo muli ina ya nkhalango imodzi yomwe ikudulidwa lero. Ndiye mukamva anthu akukangana za maina musamati akutaya nthawi, boma silingateteze chinthu chomwe chilibe dzina pa pepala. Ndipo Chiko dzina la Cope lili m'mabulaketi, iye anaitcha Oedipus altamazonicus, kenako kunapezeka kuti dzina la Oedipus linali litaperekedwa kale ku kachilombo ka gulu la ziwala, lamulo la woyamba lija linagwira ntchito, ma salamanda anachokamo

Yami wa ku Joni: Nde Bolitoglossa yo ndi dzina la munthunso?

Chiko: Ayi ili ndi Chigiriki, bowa ndi lilime, analipereka ndi Duméril, Bibron ndi Duméril mu 1854. Lilime lake kunsonga kuli kotambalala kokhala pa kaphesi ngati bowa, ndipo limachita kuponyedwa kunja kukagwira kachilombo mofulumira koti diso silingaone

Nambewe: Ndiye ngati nanzikambe

A Gondwe: Zotsatira zake nzofanana koma makina ake ndi ena, ndipo ofufuza ambiri amalumikiza zimenezi ndi kusowa mapapo komwe kuja. Salamanda wa mapapo amagwiritsa ntchito tizichereŵechereŵe ta pakhosi popopera mpweya m'mapapo, uyu poti sapopa tinamasuka nkusanduka chida choponyera lilime. Munthu amene anathera moyo wake pa nyama zimenezi ndi David Wake wa ku Berkeley ku California, anamwalira mu 2021, ndi amene analemba limodzi ndi Elias za Nyctanolis ndi Bradytriton mu 1983

Amayi a Tadala: Nanga wina atabweretsa kuno nkukaika ku Mulanje kapena ku Ntchisi sikangakhale? Chinyezi chilipo

Mada wa ku Mulanje: Ayi mayi chonde zimenezo ayi, taonani zomwe paini wa ku Mexico anachita paphiri pano, anabwera ngati mtengo wabwino kenako anafalikira mpaka kulimbana ndi mkungudza wathu, anthu avutika zaka kumuzula

A Gondwe: Komanso matenda. Kuli bowa wina wogwira khungu la achule ndi ma salamanda wotchedwa chytrid amene wapulula mitundu yambiri ku Central America, ndipo mtundu wake wina unafika ku Netherlands kuchokera ku Asia, akuganiza kuti kudzera m'malonda a nyama zoweta, unatsala pang'ono kumaliza mtundu umodzi wa ma salamanda a kumeneko. Kwa nyama yopumira khungu matenda a khungu ndi imfa. Kusamutsa nyama zotere ndi kusamutsanso matenda ake, achule athu angathere pomwepo

Chiko: Ndiye kuno tilibiretu wachibale wake aliyense kupatula achule?

A Gondwe: Alipo wachitatu amene anthu ambiri samudziwa. Gulu la achule lili ndi nthambi zitatu, achule, ma salamanda ndi zina zopanda miyendo zokhala pansi pa nthaka zotchedwa caecilian. Kuno tili ndi Scolecomorphus kirkii, katswiri wina Boulenger anaitchula mu 1883 polemekeza John Kirk amene anayenda ndi Livingstone, imapezeka m'malo okwera a chinyezi ku Malawi, Tanzania ndi Mozambique. Imaoneka ngati nyongolotsi yaikulu yonenepa koma ili ndi msana wa mafupa, kamwa ndi mano, pamsana yakuda mopita ku pepo kumimba kotuwirako

Yami wa ku Joni: Mwaona, Kirk uyo wabweranso

Amayi a Tadala: Dikirani kaye a Yami. A Gondwe chinthu chimenecho ndikuchidziwa ine, kwathu ku Dedza tikamagaula kudimba mvula itagwa chimatuluka pa khasu, chonyezimira choterera chokhala ndi timizere tozungulira thupi, ana amathawa amati njoka ndipo ambiri amangochidula pakati. Chikagwidwa chimasiya mamina m'manja

A Gondwe: Zikhoza kukhala zomwezo mayi koma pali tinjoka takhungu ndi abuluzi opanda miyendo omwe amatulukanso pa khasu, kusiyana kwake iwowo ndi ouma ali ndi mamba, ichi nchonyowa. Sichiluma munthu mwaululu. Mukadzachionanso musachiphe, chijambuleni pamsana, kumimba ndi kumutu chapafupi, pambali pake muike bokosi la machesi kuti kutalika kudziwike, kenako muchibwezere m'dothi lonyowa musambe m'manja

Mada wa ku Mulanje: Muyatsenso location pa foni pojambula mayi, chithunzi chopanda malo akatswiri sachigwiritsa ntchito. Pali apu ya iNaturalist ndi yaulere, mukaika pamenepo dzina lanu limakhala pa rekodiyo ngati woona

Amayi a Tadala: Foni yanga ndi yaing'ono ya mabatani, ya Tadala ndi imene ili ndi kamera yabwino. Akabwera pa holide ya Disembala ndimutenga kudimba, a Mada mudzamuonetse za apuyo

Mada wa ku Mulanje: Adzandiimbire ndidzamuyendetsa pa foni pomwepo, sizitenga nthawi